William Rathbone—Wamalonda Amene Anatumiza Anamwino Kumakomo a Amphaŵi

MUNTHU akagwidwa ndi nthenda yokhalitsa, masiku ochuluka a kudwala kwake amathera panyumba, osati m'chipatala. Zimenezi nzodziŵika bwino m'makomboni a m'minda ya tiyi ya ku Honde Valley ndi ku Chipinge, kummaŵa kwa Zimbabwe, kumene kuli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malaŵi ndi ku Mozambique kudzafuna ntchito. Wodwala akatuluka m'chipatala, womsambitsa, womtembenuza pamphasa, ndi wommwetsa mankhwala amakhala mkazi wake, mwana wake, kapena mnansi. Odwazika ameneŵa chikondi ali nacho, koma ambiri sanaphunzitsidwepo kasamalidwe ka wodwala. Kodi ndani ayenera kuwathandiza?

Mu 1859 funso lofananalo linasoŵetsa mtendere mwamuna wina wa ku Liverpool, m'dziko la England. Iye sanali dokotala. Anali wamalonda wolemera, ndipo tiyi anali pakati pa katundu amene kampani ya banja lake inali kuitanitsa kunja. Komabe, yankho limene anapeza linayambitsa makonzedwe akuti anamwino ophunzitsidwa bwino aziyendera odwala osauka m'nyumba zawo. Dzina lake linali William Rathbone.

Banja Lolemera Mumzinda wa Mavuto

William Rathbone anabadwa pa February 11, 1819, ku Liverpool. Anali wachisanu ndi chimodzi mumzera wa banjalo kutchedwa ndi dzina limenelo. A Rathbone anali eni zombo ndi amalonda otchuka, ndipo agogo ake aamuna anadziŵika chifukwa chotsutsa malonda a akapolo panthaŵi imene ambiri mumzindawo anali kulemera nawo. Atate ŵake anakhala meya wa Liverpool mu 1837. Makolo akewo ndiwo anachirikiza Kitty Wilkinson, mkazi wosauka amene pamliri wa kolera wa mu 1832 analola anansi ake kuŵiritsa zovala ndi zofunda za odwala m'nyumba mwake. Chotero William anakula akumaona kuti chuma chimadza ndi thayo.

Kuchiyambi kwa ma 1840 iye anakhala mmodzi wa eni kampani ya banjalo, ya Rathbone Brothers. Kampaniyo inali kugula thonje ku America, ndipo m'zaka zimenezo inayambanso kuitanitsa tiyi ku China. Malonda anayenda bwino. Rathbone anadziikira lamulo lakuti azipatula gawo la mapindu ake kaamba ka ntchito zothandiza ena, ndi kuti gawolo lizikula pamene mapinduwo akukula.

Ofunikira thandizo anali paliponse. Mu 1847 mokha, anthu pafupifupi 300,000 othaŵa njala ku Ireland anatsikira padoko la Liverpool. Mabanja athunthu anali kukhala m'zipinda zapansi zachinyontho ndi m'tinyumba topanikizana tosaloŵa dzuŵa. Nthenda ya typhus, imene imafalitsidwa ndi nsabwe, inapulula anthu, ndipo mu 1849 kolera anapha anthu oposa 5,000 mumzindawo. M'chaka chimenecho Rathbone anadzipereka kuyendera mabanja osauka khomo ndi khomo m'dzina la bungwe la District Provident Society. Umphaŵi anauona ndi maso ake. Koma panapita zaka zina khumi asanazindikire chimene odwala a m'nyumba zimenezo anali kusoŵa koposa.

Nthenda Iloŵa m'Nyumba Mwake

Mu 1847 Rathbone anakwatira Lucretia Gair, ndipo anabala ana asanu. Ndiyeno Lucretia anadwala kwakayakaya. Pokhala munthu wopeza bwino, Rathbone analemba ntchito namwino wina, Mary Robinson, kuti adzadwazike mkazi wakeyo panyumba. Namwinoyo sanathe kuchiritsa nthendayo, ndipo Lucretia anamwalira mu May 1859. Chikhalirechobe, Rathbone anaona mmene manja aluso anachepetsera ululu wa mkazi wake, ndi mmene anapeputsira mtolo wa onse a m'nyumbamo.

Ali pachisoni chomwecho, maganizo ake anapita ku zipinda zapansi zija. Ngati nthenda inasautsa motero banja lokhala ndi antchito, chakudya chabwino, ndi zofunda zoyera, kuli bwanji banja logona m'chipinda chimodzi, lopanda madzi ndi malasha? Zipatala zinali zoŵerengeka, ndipo kaŵirikaŵiri sizinali kulandira odwala nthenda zosachiritsika kapena zopatsirana. Ndiponso, mayi akagonekedwa m'chipatala, ana anali kutsala opanda wowayang'anira. Kwa osauka ambiri, kudwalira panyumba sikunali kosankha.

Chotero Rathbone anapempha Mary Robinson kuti ayese ntchito yatsopano kwa miyezi itatu. Anayenera kupita kudera lina losauka kwambiri la mzindawo, kudwazika odwala m'nyumba zawo, ndi kuphunzitsa achibale awo ukhondo ndi kasamalidwe ka wodwala. Malipiro ake, mankhwala, zipangizo, ndi zakudya zopatsa nyonga, zonsezo Rathbone analonjeza kulipira yekha.

Utangotha mwezi umodzi, namwinoyo anabwerera napempha kuti amasulidwe. Ngakhale kuti anazoloŵera kuona odwala, mavuto amene anapeza m'nyumbazo anamkulira. Rathbone anamchonderera kuti apirire kufikira miyezi itatuyo itakwana. Pamene inakwana, Mary Robinson anali atasintha maganizo. Anaona odwala amene anthu anawataya kale mtima akudzuka, ndi amuna ndi akazi amene poyamba anali kungoyang'ana mothedwa nzeru akuphunzira kusambitsa ndi kudyetsa wodwala wawo. Iye anasankha kupitiriza ntchitoyo.

Kodi Anamwino Akachokera Kuti?

Namwino mmodzi sakanakwanira mzinda wonse. Rathbone anafunafuna ena, koma anapeza kuti anamwino ophunzitsidwa anali osoŵa kwabasi. M'masiku amenewo unamwino unali kuonedwa monga ntchito yonyozeka, yogwiridwa ndi akazi osaphunzira amene analibe kwina kopezera ndalama. Iye analembera kalata Florence Nightingale, amene anatchuka chifukwa chosamalira asilikali pa Nkhondo ya ku Crimea, ndi amene sukulu yake ya anamwino inatsegulidwa pa St Thomas' Hospital ku London mu 1860. Nightingale analibe anamwino oti amtumizire. M'malo mwake, anamlangiza kuti Liverpool aziphunzitsa anamwino akeake pachipatala chachikulu cha mumzindawo, cha Royal Infirmary.

Akuluakulu a chipatalacho anavomereza, koma analibe malo ogona ophunzirawo. Rathbone anamanga nyumbayo ndi ndalama za m'thumba mwake naipereka ku chipatalacho. Motero mu 1862 panakhazikitsidwa Liverpool Training School and Home for Nurses, ndipo woyang'anira wake woyamba anali Mary Merryweather. Omaliza maphunziro ena anali kutsala m'chipatalamo, ena anali kukadwazika m'mabanja okhoza kulipira, ndipo ena anali kutumizidwa kwa osauka kwaulere.

Pofika mu 1865 mzinda wonse unali utagaŵidwa m'zigawo 18. Chigawo chilichonse chinali ndi namwino wake, ndiponso mkazi wopeza bwino wodzipereka kukhala woyang'anira. Woyang'anirayo anali kusonkhanitsa ndalama, kupeza zakudya ndi zofunda zobwereketsa odwala, kupenda kaundula wa namwino, ndi kuona kuti namwinoyo ali ndi pogona. Madokotala ndi atsogoleri a matchalitchi osiyanasiyana anali kudziŵitsa namwino za odwala ofunikira thandizo. Mumzinda umene Akatolika ndi Aprotestanti anali kuyang'anana ndi diso lofiira, Rathbone, amene anali wa tchalitchi cha Unitarian, anaumirira kuti wodwala asasankhidwe chifukwa cha chipembedzo chake.

Kodi namwino wa chigawo anali kuchitanji akaloŵa m'nyumba? Anali kusambitsa wodwala, kutsuka ndi kumanga zilonda, kusintha zofunda, ndi kumtembenuza kuti asatuluke zilonda za pogona. Anali kuyeretsa chipinda, kutsegula mazenera, ndi kuona kuti malangizo a dokotala akutsatiridwa. Koposa zonse, anali kuchita zimenezi achibale akuonerera, popeza kuti iye akachoka, otsala ndi wodwalayo usana ndi usiku anali iwowo.

Odwala a m'Nyumba ya Amphaŵi

Panali gulu lina la odwala limene linalibe ngakhale khomo loti namwino nkugogodapo. Malinga ndi malamulo a ku England a panthaŵiyo, anthu osoŵeratu pogwira anali kusungidwa m'nyumba zazikulu za boma, mmene anali kugwira ntchito kuti apatsidwe chakudya ndi pogona. Nyumba yotero ya ku Brownlow Hill, mu Liverpool, inali imodzi ya zazikulu koposa m'dzikomo, ndipo odwala ake anali kupitirira 1,000. Owasamalira anali amphaŵi anzawo osaphunzitsidwa.

Rathbone anauza akuluakulu a nyumbayo kuti adzalipira anamwino ophunzitsidwa kwa zaka zitatu ngati awalola kuloŵamo. Mu 1865 Agnes Jones, wophunzira wa Nightingale, anafika ndi anamwino 12 a ku St Thomas' Hospital. Ntchito inali yakalavulagaga. Anayesa kulemba ntchito akazi ena a m'nyumbamo kuti azithandiza, koma zimenezo sizinayende bwino, ndipo zinatsimikizira kuti malipiro okha sasandutsa munthu kukhala namwino. Komabe, m'zipinda za anamwino ophunzitsidwa munayamba kuoneka ukhondo ndi dongosolo, kotero kuti akuluakuluwo anavomera kupitiriza makonzedwewo ndi ndalama za mzinda. Mwachisoni, Agnes Jones anatenga typhus kwa odwala ake namwalira mu February 1868, ali ndi zaka 35 zokha.

Analola Kuwongoleredwa

Mu 1868 Rathbone anasankhidwa kukhala phungu wa Liverpool m'Nyumba ya Malamulo, ndipo zimenezi zinamfikitsa ku London kaŵirikaŵiri. Kumeneko anathandiza pakufufuza mmene odwala osauka anali kusamaliridwira m'nyumba zawo. Mbali yaikulu ya kufufuzako inachitidwa ndi namwino wina waluso, Florence Lees, amene anakapendanso ntchito ya ku Liverpool.

Zimene anapeza sizinali zokoma zokhazokha. Anamwino ena anali kuthera nthaŵi yochuluka akugaŵa chakudya ndi zovala m'malo modwazika. Ena maphunziro awo anali opereŵera, ndipo oyang'anira awo, ngakhale kuti anali okoma mtima, sanali anamwino, chotero sakanatha kuona zolakwika pantchitoyo. Munthu wina akanapsa mtima pomva ntchito imene anaiyambitsa ndi ndalama zake ikupezedwa zifukwa. Rathbone sanatero. Anachirikiza bungwe latsopano la Metropolitan and National Nursing Association, limene linayamba ku London mu 1875 moyang'aniridwa ndi Florence Lees. Anamwino ake anali kuyamba aphunzira m'chipatala kwa chaka chathunthu, ndiyeno nkuphunziranso padera kudwazika m'nyumba. Nakonso ku Liverpool zinthu zinasinthidwa, kotero kuti anamwino a zigawo anayamba kukhala pamodzi ndi kuyang'aniridwa ndi anamwino anzawo achidziŵitso.

Apa panali phunziro lalikulu. Namwino wa m'chipatala amakhala ndi dokotala ndi anzake pafupi, pamene woyendera nyumba amakhala yekha. Ayenera kudziŵa yekha kuti chilonda chayamba kuvunda, kapena kuti wodwala afunikira kuthamangira naye kwa dokotala. Motero wodwazika m'nyumba afunikira maphunziro ochuluka, osati ochepa.

Ntchitoyo Ifalikira

Mu 1887 Mfumukazi Victoria inakwanitsa zaka 50 ikulamulira, ndipo akazi a m'dzikomo anasonkha ndalama za mphatso. Mapaundi 70,000 a mphatsoyo anapatulidwa kaamba ka unamwino wa m'nyumba za osauka. Rathbone, mothandizana ndi Nightingale ndi Florence Lees, anagwira ntchito zolimba kulinganiza bungwe lotchedwa Queen Victoria's Jubilee Institute for Nurses, limene linavomerezedwa mwalamulo mu 1889. Bungwelo linaika miyezo ya maphunziro ndi kutumiza oyendera kukapenda ntchito ya anamwino m'mizinda ndi m'midzi. Woyendera wamkulu woyamba anali Rosalind Paget, mwana wa mlongo wake wa Rathbone. Mu 1890 Rathbone anafalitsa buku lofotokoza mbiri ya ntchitoyi.

Maiko ena nawonso anayamba ntchito yofananayo. Ku Melbourne, Australia, bungwe la anamwino oyendera nyumba linayamba mu 1885. Ku New York, Lillian Wald anayamba kuyendera odwala osauka mu 1893. Ku Canada, Victorian Order of Nurses inakhazikitsidwa mu 1897.

Rathbone anakhala m'Nyumba ya Malamulo kufikira mu 1895, zaka 15 zomalizirazo akumaimira dera lina la kumpoto kwa Wales. Anathandizanso kukhazikitsa makoleji a ku Liverpool ndi ku Bangor, amene pambuyo pake anadzakhala mayunivesite. Mu 1862 anali atakwatira Emily Lyle, ndipo mwana wawo wamkazi, Eleanor Rathbone, anadzakhala phungu amene anamenyera nkhondo lamulo la mu 1945 lopatsa amayi ndalama zolerera ana. William Rathbone anamwalira pa March 6, 1902, kunyumba ya makolo ake ya Greenbank, ali ndi zaka 83. Chifanizo chake chinaimikidwa m'munda wa St John's Gardens ku Liverpool.

Funso Lomwelo Kummaŵa kwa Zimbabwe

Rathbone sanapondepo mapiri a m'malire a Zimbabwe ndi Mozambique, ndipo zimene zinachitika kumeneko zinali ndi magwero akeake. Komabe, vuto linali limodzimodzi: odwala ambiri, chipatala kutali. Mu 1893, Rathbone akali moyo, Dr. W. L. Thompson, mmishonale wa ku America, anayamba kupereka mankhwala pa Mount Selinda, m'dera limene lerolino lili boma la Chipinge. Chipatala chenicheni chinadzakhalapo mu 1912. Kwa zaka pafupifupi 20 zimenezo, odwala ochuluka anali kulandira mankhwala nkubwerera kukadwazikidwa ndi abale awo.

Tiyi anadzalidwa m'dera la Chipinge mu 1924, pamunda wa New Year's Gift pafupi ndi mtsinje wa Tanganda, ndipo m'ma 1950 minda ikuluikulu inatsegulidwa ku Honde Valley. Mindayo inakoka antchito ochokera kutali. Munthu wa kumudzi akadwala amazingidwa ndi mbumba yake, koma wobwera amene wakalambira pakomboni angakhale alibe mudzi wobwererako kapena mbale wapafupi. Kwa wotero, mnansi ndiye mbale. Ndiponso, madera ameneŵa ngamapiri ndi amvula yambiri. Pamene namondwe wa Idai anakantha Chimanimani ndi Chipinge mu March 2019, misewu ndi milatho zinakokoloka, ndipo midzi ina inakhala masiku angapo yosafikirika.

Mu 1978 msonkhano wa maiko wa ku Alma-Ata unagogomezera kuti chisamaliro cha zaumoyo chiyenera kufika kumene anthu amakhala. Mu 1981 Zimbabwe anayamba kuphunzitsa antchito a zaumoyo a m'midzi, osankhidwa ndi anthu a m'mudzi momwemo ndi oyang'aniridwa ndi anamwino a pakiliniki. Ku Malaŵi alangizi a zaumoyo amagwira ntchito yofanana nayo. Mu 1979, mumzinda umene tsopano ukutchedwa Harare, Maureen Butterfield anayambitsa Island Hospice, bungwe loyamba mu Afirika losamalira odwala nthenda zosachiritsika, ndipo ntchito yake yaikulu yakhala yowasamalira m'nyumba zawo. Mofanana ndi Rathbone, mayiyu anayamba ntchitoyo ataferedwa, popeza kuti mwana wake wamkazi anamwalira ndi kansa.

Chiyeso chachikulu chinadza ndi AIDS. M'ma 1990 zipatala zinasefukira, ndipo odwala ambirimbiri anabwezedwa kunyumba. Ku Mutare, likulu la chigawo cha Manicaland mmene muli Honde Valley ndi Chipinge, bungwe la Family AIDS Caring Trust linayamba mu 1987, ndipo linaphunzitsa anthu odzipereka kuyendera odwala ndi ana amasiye. Ochuluka a odzipereka m'ntchito zotero anali akazi, iwo eniwo osauka. Chiyambire 2004, pamene mankhwala a ARV anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma, ambiri amene akanamwalira anadzuka nabwerera kuntchito. Komabe, odwazikidwa panyumba sanathe. Alipo okalamba, ofa ziŵalo, odwala kansa, ndi odwala nthenda ya shuga amene zilonda zawo zimachedwa kupola.

Chimene Moyo Wake Ukuphunzitsa

Rathbone sanatulukire mankhwala alionse, ndipo sanamange chilonda cha munthu. Chimene anazindikira nchakuti mtima wabwino pawokha sukwanira. Mkazi angakonde mwamuna wake kwambiri, koma ngati sanauzidwe kuti wodwala wosakhoza kudzitembenuza ayenera kutembenuzidwa pakapita maola aŵiri alionse, mwamunayo adzatuluka zilonda pamsana ndi m'chiuno. Mwana angachezere usiku wonse pambali pa amake, koma ngati sadziŵa kuti wofa ziŵalo ayenera kukhazikidwa tsonga pomdyetsa, phala likhoza kumtsamwa. Zinthu zimenezi nzosavuta kuphunzira, koma pafunikira wina wodziŵa kuti afike pakhomo ndi kuzisonyeza.

Iye anazindikiranso kuti woyendera odwalayo nayenso afunikira womchirikiza. Mary Robinson anatsala pang'ono kusiya utangotha mwezi umodzi, ndipo Agnes Jones anataya moyo wake. Nchifukwa chake Rathbone sanalekere pa kulipira namwino mmodzi. Anamanga sukulu, anagaŵa mzinda m'zigawo, anaika oyang'anira, ndipo atasonyezedwa zopereŵera anazikonza. Kulikonse kumene odzipereka amatumizidwa opanda sopo, magolovesi, kapena namwino wowalangiza, amatopa msanga, ndipo wovutika amakhala wodwala.

Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga, ndipo matenda okhalitsa ali denga lolemera. Kodi pakomboni panu kapena m'mudzi mwanu muli banja limene likudwazika? Mungalithandize mwa kulidziŵitsa kwa wantchito wa zaumoyo wa m'deralo, kupempha namwino wa pakiliniki kuti asonyeze achibale kasamalidwe koyenera, kapena kukhala ndi wodwalayo kwa maola angapo kuti wodwazika apume. Ku Liverpool ntchito yonseyo inayamba ndi namwino mmodzi ndi miyezi itatu, ndipo odwala a kumeneko anathandizidwa chifukwa chakuti munthu wina sanayembekezere kuti iwo afike kuchipatala.